Mawu Odutsa Pamwamba pa Katunga

Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Blantyre kubwera ku Chikwawa amaudziwa msewu wokhotakhota uja, pamene makutu amatseka, mabuleki a minibasi n'kuyamba kununkha, kutentha n'kukulonjera usanafike ndi pa Thabwa pomwe. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 50 basi. Koma Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pamene ife a kwa Katunga tili pansi penipeni, mamita ngati 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Phiri lotilekanitsali latilamulira zambiri: mvula imene timalandira, madzi amene amatisefukira, ngakhale mtengo wa sopo m'golosale. Latilamuliranso chinthu china chimene olemba mbiri sachilabadira, ndicho mawu amene akhala akulowa m'makutu mwathu ndi zithunzi zimene maso athu akhala akuona. Kwa zaka zambiri za ku Lusaka, ku Beira ndi ku Joni zinkatifika mosavuta kuposa za mzinda umene uli kuseri kwa phiri lomweli.

Sizinali choncho kuyambira kale. Katunga anali mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone, n'kutsalira kuno m'zaka za m'ma 1860 pamodzi ndi anzake monga Kasisi, Maseya, Mlilima ndi Chipatula. Mudzi wake unagwera pamalo abwino. Sitima zapamadzi zokwera mtsinje wa Shire sizikanatha kupitirira mathithi a Kapichira, choncho kampani ya African Lakes, imene anthu ankangoitchula kuti Mandala, inakhazikitsa dooko lake kwa Katunga. Katundu, makalata ndi nyuzipepala zochokera ku Ulaya zinkatsitsidwa pano, amtengatenga n'kusenza pamutu kukwera nazo phiri. Mu 1889, asilikali a Chipwitikizi a Serpa Pinto akukwera chigwa chino, John Buchanan analengeza kuti dziko la Amakololo lili m'manja mwa Angerezi, ndipo mkangano umenewo unakagwedeza London ndi Lisbon. M'zaka za m'ma 1890 nthambo ya lamya ya Cecil Rhodes yochokera ku Tete kupita ku Blantyre inadutsa ku Chikwawa konkuno. Nkhani iliyonse yolowa m'dziko muno inkayamba yaponda dothi lathu. Kenaka mtsinje unayamba kuphwa, njanji yodzera ku Chiromo inafika ku Blantyre mu 1908, sitima zinasiya kubwera, ndipo khomo la dziko linasanduka kuseri kwa nyumba.

Wailesi yoyamba imene agogo anga aamuna anaiona inabwera ndi mphunzitsi wa sukulu ya mishoni cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ankaifotokoza bwino kwambiri: yozungulira, yachitsulo, ya mtundu wa buluu, batire lake lalikulu kuposa wailesiyo. Nditakula ndinazindikira kuti ankanena Saucepan Special, wailesi yotchipa imene kampani ya Ever Ready ya ku Britain inayamba kupanga mu 1949 chifukwa cha khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia. Thupi lake linalidi la sefuliya yopanda chogwirira. Inkagulidwa mapaundi 5, batire padera, ndipo batirelo linkatha pakapita maola pafupifupi 300. Mawu ake ankachokera ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka, imene inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Agogo ankati madzulo anthu ankadzaza bwalo la mphunzitsiyo kudikira ola la Chinyanja, ndipo dzina limene sankaliiwala linali la Alick Nkhata ndi gitala lake. Taganizani: munthu wa kwa Katunga anamva chilankhulo chake pa wailesi koyamba kuchokera kudziko lina, kutali kuseri kwa Tete ndi Luangwa, pamene ku Blantyre kunalibe chomuuza.

Chimene chinkachititsa zimenezi n'chosavuta kumva. Mafunde a shortwave sayenda chafufumimba pansi. Amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wina wa kutali m'mlengalenga umene umawabweza, n'kudzagwa makilomita mazanamazana kuchokera kumene anachokera. Phiri la Thyolo siliwatchinga chifukwa amatsika chochokera pamwamba. N'chifukwa chake chigwa chimene chinali chobisika kwa oyandikana nacho chinali chotseguka kwa akutali.

MBC itayamba mu 1964, zinthu zinasinthako. Bambo anga anagula wailesi ya Nzeru, yopangidwa ku Blantyre komweko, ndi ndalama za thonje chaka china chimene ADMARC inalipira bwino. Ankaisunga m'kathumba kamene mayi anasoka, ndipo mwana sankaloledwa kukhudza chotchunira. Masana tinkagwira MBC pa medium wave ya ku Bangula. Usiku bambo ankasamukira pa mamita 90, ndipo waya wa eriyo unkachoka pazenera n'kukamangidwa pa nthambi ya msawu kuseri kwa khola la mbuzi. Nyengo ya dzinja mphezi zikamang'anima cha ku Mwanza kapena ku Mozambique, wailesi inkathetheka moti mawu a wowerenga nkhani ankamveka modukaduka, ndipo bambo ankaiyika pakhutu penipeni, ife n'kumayang'ana nkhope yawo kuti tidziwe ngati uthenga wa maliro ukutikhudza. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa la Okutobala, dzuwa lija lopitirira madigiri 40, kuti atipatseko usiku umodzi kapena uwiri.

Koma singano ya wailesi sinkakhala pa MBC nthawi zonse, ndipo apa pali nkhani imene imandikhudza mtima. Kuyambira 1968 wailesi ya dziko lino inkalankhula Chichewa ndi Chingerezi basi. Mayi anga ndi Msena wa cha ku Tengani. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma chilankhulo chimene anayamwira sankachimva m'kabokosi kaja pokhapokha bambo akapotoza chotchunira n'kupeza wailesi ya ku Beira. Pamenepo mayi ankasiya kupeta, n'kukhala pansi. Wailesi ya ku Tete nayonso inkamveka, ya Chinyungwe ndi Chinyanja, ndi nyimbo zake za valimba zofanana ndi zathu. Nkhani za m'Chisena zinadzayamba kumveka pa MBC mu 1996, m'nthawi ya Bakili Muluzi, pamodzi ndi za Chiyao ndi Chilomwe. Zaka 28 zonsezo anthu a kumunsi kuno ankabwereka chilankhulo chawo chomwe kuchokera kutsidya kwa malire. Sindikhulupirira kuti amene anakonza lamulo lija anaganizapo za mayi wokhala pamkeka ku Chikwawa akudikira mphepo ya ku Beira.

Nkhondo ya ku Mozambique itakula cha m'ma 1986, othawa anadzaza Nsanje ndi Chikwawa, ndipo m'dziko lonse anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri anabwera chimanjamanja, koma amene anali ndi wailesi sanaisiye. M'misasa ankatchera khutu ku Maputo ndi ku Beira kufuna kudziwa ngati kwawo kwatsala mudzi, mpaka pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ifenso tinali ndi zathu zomvera mobisa. Kalata ya mabishopu a Katolika itawerengedwa pa 8 Malichi 1992, zoona zake za zimene zinkachitika ku Blantyre ndi ku Zomba tinkazimva pa BBC Focus on Africa ndi pa wailesi ya Chichewa ya ku South Africa, imene inali Radio RSA kenaka n'kukhala Channel Africa. Atsibweni anga ankatseka chitseko, n'kuchepetsa mawu, n'kutuma mwana kukakhala pakhonde ngati akusewera. Nkhani ya mzinda wa makilomita 50 inkayamba yapita ku London kenaka n'kubwerera kudzatipeza. Anthu amene anavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kuno anali atamva mbali zonse ziwiri, ndipo mbali imodziyo anaimva kudzera m'waya womangidwa pamtengo.

Kanema ndiye anachedwa. Dr. Banda sanalole wailesi ya kanema m'dziko muno, ndipo Television Malawi inayamba pa 1 Epulo 1999. Apa phiri linaonetsa mphamvu zake zonse. Mafunde a kanema ndi a FM amayenda molunjika, sabwezedwa kumwamba ngati a shortwave, choncho ochokera ku mapiri a Blantyre ankangodutsa pamwamba pathu. Anthu sanagonje. Pa Dyeratu, pa boma ndi ku Nchalo kunamera milongoti ya nsungwi ndi bulugamu zolumikizalumikiza, ina yotalika kuposa mitengo ya m'mudzi, pamwamba pake kaeriyo ka zitsulo zopingasa, ena mpaka limu ya njinga. Mnyamata mmodzi ankazungulitsa mlongoti panja, wina ali m'nyumba kukuwa kuti, "Bwezani pang'ono achimwene, apo, apo pomwepo, gwirani!" Chithunzi chikabwera chinkakhala chotuwa, munthu mmodzi akuoneka awiri. Nyumba ina inkagwira, yoyandikana nayo osagwira, malinga ndi mpata wa pakati pa zitunda. Mphepo ya mwera ikawomba usiku, m'mawa ntchito inkayambiranso.

Dishi ndiyo inathetsa mkangano ndi phiri. DStv inayamba mu 1995, ndipo madishi oyamba amene ndinawaona kuno anali pa nyumba za mabwana a kampani ya shuga ku Nchalo ndi m'malo ogona alendo. Kwa mlimi wa thonje zinali za anthu ena. Zinthu zinatembenuka cha pakati pa zaka za m'ma 2000, pamene madikoda osalipira mwezi ndi mwezi, a mayina ngati Wiztech, Philibao ndi Fortec Star, anadzaza m'masitolo a ku Limbe ndi m'zikwama za obwera ku Joni. Unkagula kamodzi, n'kupeza mnyamata wodziwa kuloza, basi SABC 1, 2 ndi 3 zili m'nyumba mwako.

Mphwanga wina, mwana wa mayi aang'ono, anaphunzira ntchito yoloza madishi nthawi imeneyo, ndipo zambiri zimene ndikudziwa ndinaziona ndikumugwirira makwerero. Setilaiti imene ankaisaka ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, pa madigiri 68.5 kummawa, pamwamba pa nyanja ya Indian Ocean. Imazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, choncho kwa ife imaoneka ngati yaima malo amodzi. Ukaima kwa Katunga umailoza kummawa chopendekera kumpoto, mbali ya phiri lomwe lija, koma chokweza pafupifupi theka la ulendo wochoka pansi kufika pamutu. Phiri limatsalira pansi, lopanda chonena. Ndinasangalala tsiku limene ndinamvetsa zimenezi.

Vuto linali lina. Mafunde a SABC sanali athu. Kampani ya boma la South Africa yotchedwa Sentech inkawatumiza kumwamba n'cholinga chofikira midzi ya kwawo komweko imene milongoti yapansi sinkafikako. Mphamvu yake yonse inkalunjika kumwera, ndipo ukamakwera kumpoto inkacheperachepera. Ife tinali ngati okunkha m'mphepete mwa munda wa eni, kutola ngala zimene zagwera kunja kwa malire. Dishi yaing'ono imene imakwanira ku Pretoria kuno inkavuta. Mphwangayo ankalimbikira ya masentimita 90, ndipo kwa amene anali ndi ndalama ankati agule ya mita ndi kanthu, chifukwa dishi ikakula imasonkhanitsa mafunde ambiri n'kuwaunjika pa LNB, kachipangizo kokhala kutsogolo kaja. Analibe mita yoyezera. Ankatulutsa TV panja, kuiyika pampando pamthunzi, n'kumayang'ana mizere iwiri ya pagalasi. Wa strength sankausamala kwenikweni, maso ake ankakhala pa wa quality. Ankasuntha dishi pang'onopang'ono moti woonerera sankaona kuti yasuntha, kenaka n'kupotoza LNB m'chogwirira chake mpaka mzere utakwera, ndiye n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana kuti dishi isapendeke pomanga. Ankakana kukhoma dishi pakhoma la zidina zosawotcha kapena pa mtengo wamoyo. Ankakumba dzenje, kuimika chitsulo, kuthira simenti, n'kuuza mwini nyumba kuti, "Bambo, mbuzi musamamangirire apa."

Ngakhale ataloza bwino chotani, kukhala kumphepete kunali ndi msonkho wake. Mafunde a madishi ang'onoang'onowa amamwedwa ndi madontho a mvula. Amene ali pakati amakhala ndi mphamvu yotsalira, ife tinalibe. Mtambo wakuda ukangounjikana pamwamba pa phiri la Thyolo, kuno kusanagwe ndi dontho lomwe, chithunzi chinkayamba kuduka timabokositimabokosi kenaka n'kuzima. Amayi ena ankathamangira kukaanula ufa akangoona kanema wayamba kudodoma, ndipo kawirikawiri sankalakwitsa. Chakumapeto kwa Malichi ndi pakati pa Seputembala chithunzi chinkathawanso kwa mphindi zochepa cha m'ma 9 koloko m'mawa, kumwamba kuli mbee, chifukwa dzuwa linkadutsa kumbuyo kwenikweni kwa setilaiti n'kuphimba mafunde ake. Anthu ankamuimbira foni mphwangayo kuti dishi yawonongeka, iye n'kuwauza kuti angodikira madzi a tiyi awire.

Zaka zimenezo zinasintha madzulo a kuno. Ana a kwa Katunga ankadziwa anthu a mu Generations ndi Muvhango, ankalonjerana m'Chizulu, ankadziwa nyengo ya ku Durban ndi dzina la nduna ya apolisi ya ku South Africa, koma nkhope ya phungu wawo ankaiona pa nthawi ya kampeni yokha. Lamulungu m'nyumba zambiri munkamveka Emmanuel TV ya T.B. Joshua. Mavidiyo sho ofolera ndi mapepala apulasitiki, oyendera jenereta kapena batire la galimoto, ankadzaza pa mpira. Flames itagonjetsa Algeria 3–0 ku Angola mu Januwale 2010, anthu anatuluka m'mashedi amenewo akuvina mpaka pamsewu wa M1, ndipo World Cup ya chaka chomwecho inaoneredwa m'midzi imene munalibe ndi pholo limodzi lomwe la magetsi. Ine sindinyoza zaka zimenezo. Zinatsegula maso a anthu, ndipo achinyamata ambiri amene anapita ku Joni anapita akudziwako kumene akupita. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lathu lomwe linali losowa pagalasipo.

Tsiku lina eni munda anatseka mpanda. Kampani ya kanema ya eBotswana inasumira Sentech kukhoti ku Johannesburg, kudandaula kuti anthu a ku Botswana akuonera SABC mwaulere ndipo malonda ake akulowa pansi. Khoti linagamula mokomera eBotswana mu 2012, ndipo pakati pa 2013 mafunde aja anatsekedwa ndi loko watsopano. Ku Botswana, ku Zimbabwe ndi kuno komwe magalasi anada tsiku limodzi. Palibe amene anatifunsa, ndipo panalibe chifukwa chotifunsira, pakuti m'mabuku awo sitinalimo. Madikoda anatsala ndi matchanelo a mapemphero okhaokha. Madishi ena anasanduka zoyanikira tsabola ndi nsomba.

Kuyambira pamenepo zabwera zambiri. Kiliye Kiliye, kanema wa digito wa boma, amadaliranso milongoti yapansi, choncho malamulo a phiri amamugwirabe. Zuku, StarSat ndi Azam anabwera ndi mitengo yotsikirapo, dishi iliyonse kuloza kwake, ndipo pa matchanelo awo pamapezeka akanema a ku Malawi. Apa mpamene munthu wa kwa Katunga anayamba kuona nkhani za ku Blantyre zoyera bwino, zitakwera kaye makilomita 36,000 n'kutsikanso. Boma la China, potsatira lonjezo la Xi Jinping la ku Johannesburg mu 2015 lofikitsa kanema wa setilaiti m'midzi 10,000 ya mu Africa, linapereka zipangizo ku midzi 500 ya m'Malawi. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice inaimitsa DStv m'dziko muno pa mkangano wa mitengo ndi MACRA, n'kudzabwerera chaka chisanathe, ndipo eni mavidiyo sho anaonanso kuti chingwe chimene amadyera chagwiridwa ndi anthu akutali. Starlink nayo inalowa m'dziko chaka chomwecho, koma mtengo wake si wa mlimi wa mapira.

Pali usiku umodzi umene umaonetsa malire a zonsezi. Pa 25 Januwale 2022 Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba kufika ndime imeneyo ya AFCON, ndipo Gabadinho Mhango anamenya chigoli chakutali chimene dziko lonse la Africa linachikamba. Kuno ambiri sitinachione. Namondwe Ana anali atagwetsa mvula yoopsa, Shire ndi Mwanza zitasefukira, damu la Kapichira litagumuka, magetsi atazima pafupifupi dziko lonse, msewu wa M1 utaduka malo angapo. Madishi ena anali pansi pa madzi pamodzi ndi nyumba zake. Chimene chinkagwira ntchito usiku umenewo ndi kawailesi ka mabatire ndi FM ya pafoni yamabatani. Anthu okhala pa zitunda ndi m'makalasi a sukulu ankamvera mpira, inde, koma makamaka ankadikira kumva ngati madzi akubwerabe kuchokera kumtunda. Zinali chimodzimodzi mu Januwale 2015, pa Idai mu 2019, ndi pa Freddy mu Malichi 2023.

Madzi amene amatipha amagwa kumtunda, ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mwanza ndi ku Mulanje, maola angapo asanatifike. Uthenga wa maola amenewo suchokera ku Joni kapena ku London. Uyenera kuchokera pafupi, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, kutchula mayina a midzi ndi madambo amene anthu akuwadziwa. N'chifukwa chake ndimaziona kuti n'zamtengo wapatali wailesi za m'dera monga Nyanthepa ku Nsanje ndi Gaka ku Bangula, ngakhale zili ndi zipangizo zochepa ndi achinyamata ongodzipereka. Kwa nthawi yoyamba mlongoti ndi wolankhula yemwe ali m'chigwa momwemo, ndipo wolankhulayo madzi akalowa m'nyumba za omvera amalowanso m'nyumba mwake. Zimafunika masola ndi mabatire oti zisazime magetsi akathima, milongoti yotalikirapo kuti zifike ku East Bank ndi kwa Chapananga, ndiponso foni yolunjika kuchokera kwa oyeza madzi a mitsinje kumtunda.

Mphwanga uja akulozabe madishi, koma masiku ano theka la ntchito yake ndi kuika masola. Pa msika wa Dyeratu amagulitsanso timawailesi ta ku China tokhala ndi kasola pamsana, tochi kutsogolo ndi polowetsa memori khadi. Akuti timayenda malonda kwambiri mu Novembala ndi Disembala, mitambo ikayamba kusonkhana pa phiri, ndipo ogula ambiri ndi amayi a m'midzi ya m'mphepete mwa Shire, amene asanalipire amayamba amuuza kuti awatchunire siteshoni ya pafupi kuti amve ngati ikugwira.